MFUNDO ZA CHOBOOLERA CHITSIME

Anzathu alimi, mvula ikatha ndipo dambo likayamba kuuma, nkhani ya ku dimba imakhala imodzi basi: madzi. Kuno ku Angónia dimba ndi nkhokwe yachiwiri. Kabichi, matimati, anyezi, kachewere ndi chimanga chachiwisi, zonsezi zimafuna kuthirira. Koma mwezi wa Okutobala ukafika, zitsime zambiri zokumba ndi khasu zimaphwa. Amai ndi ana amayenda mtunda wautali ndowa ziri pamutu, ndipo mbeu za pa nazale zimafota.

Pali chida chimene chingatifikitse pa madzi a pansi popanda injini ndiponso popanda mafuta. Ndicho choboolera cha manja, chimene pa Chipwitikizi amati trado. M'phunziro lino tifotokoza chidacho, koma makamaka tikamba za malo amene zitsulo zake zimalumikizana. Malo amenewa ife timawatcha mfundo, monga mfundo za nzimbe kapena za nsungwi. Tiri ndi chifukwa chake. Kachitsulo kamodzi kotalika ngati chala kanatsala pang'ono kutitayitsa chitsime, mbeu, ndi chida cha eni ake.

CHIDACHO N'CHOTANI?

Choboolera chiri ndi zigawo zitatu.

Pamwamba pali chogwirira. Ndi chitsulo chopingasa chooneka ngati chilembo cha T. Anthu awiri kapena anai amachigwira namazungulira nacho.

Pansi pali mutu. Mutu ndiwo umadya dothi ndi kulisunga m'mimba mwake. Mitu iripo yosiyanasiyana: wina wa dongo ndi makande, wina wa mchenga, wina wa lubwe ndi nsangalabwi.

Pakati pali ndodo zachitsulo. Zina zimatalika mita imodzi, zina mita imodzi ndi theka, zina kuposa apo. Dzenje likamazama, timaonjeza ndodo imodzi imodzi.

Chida chimenechi chimakonda nthaka yofewa, monga mchenga, dongo ndi dothi la m'mbali mwa dambo. Pa thanthwe sichilowa ai. Pa malo abwino chimafika mamita 15 kapena 20. Sichachilendo m'maiko oyandikana nafe. M'zaka za m'ma 1970, ku Shinyanga m'dziko la Tanzania, zitsime zambiri za m'midzi zinabooledwa ndi manja mothandizana ndi akatswiri a ku Holland. M'zaka za m'ma 1980, ku Zimbabwe anapanga choboolera cha miyendo itatu chotchedwa Vonder Rig, chimene chimaboola dzenje la masentimita 17 m'mimba mwake.

Tsono taganizani. Mphamvu ya manja athu iri pamwamba, koma nchito ikuchitika pansi, kumene maso saona. Mphamvu imeneyo kuti ifike ku mutu iyenera kudutsa pa mfundo iriyonse. Ndipo pokweza, kulemera konse kwa mutu, dothi ndi ndodo kumalendewera pa mfundo zomwezo. Ikangomasuka imodzi, zonse ziri pansi pake zatsala m'dzenje.

Mfundo sizipumanso. Mutu umadzaza msanga. Wathu umadzaza tikazamitsa masentimita 25, ndiye kuti pa mita imodzi timakweza kanai. Tikafika mamita 9 timakhala ndi ndodo 6. Sitingazikweze zonse pamodzi, chifukwa zingapindike kapena kugwera munthu. Timazimasula ziwiri ziwiri. Pokweza timamasula mfundo 3, potsitsa timamanga mfundo 3. Pa mita imodzi yokhayo manja athu amagwira mfundo ka 24. Penapake pa ka 24 pamenepo munthu wotopa angathe kulakwa.

MITUNDU ITATU YA MFUNDO

Ndodo iriyonse iri ndi nsonga ziwiri zosiyana. Amisiri amati ina ndi yaimuna, ina ndi yaikazi. Yaimuna imalowa mu yaikazi ya ndodo inzake. Koma kagwiridwe kake kali mitundu itatu.

Mtundu woyamba ndi mfundo ya phini. Nsonga yaimuna imakhala ya ngodya zinai, ndipo imalowa m'kabokosi ka ngodya zinai. Zonse ziwiri ziri ndi chiboo. Ziboozo zikayang'anizana, timalowetsa phini kapena bauti mopingasa, n'kutseka ndi nati kapena kawaya kopinda kuti asatuluke. Apa nchito yagawidwa pawiri. Ngodya ndizo zimanyamula mphamvu yozunguza. Phini ndiye amanyamula kulemera pokweza. Mfundo imeneyi ndi yosavuta, wootcherera zitsulo wa pa msika angathe kuipanga, ndipo mungazunguze mbali zonse ziwiri osaopa. Koma pali ndodo zina zimene nsonga zake ndi mapaipi ozungulira, opanda ngodya. Pamenepo bauti amanyamula nchito zonse ziwiri yekha, choncho amatha msanga. Ngakhale makina akuluakulu oboolera oyenda pa galimoto amagwiritsa nchito nzeru yomweyi: ambiri nsonga zao ndi za ngodya 6, ndipo zimatsekedwa ndi phini.

Mtundu wachiwiri ndi mfundo ya mazinga, amene pa Chipwitikizi amati rosca. Nsonga ziwirizo zimamangana monga bauti ndi nati. Mfundo imeneyi imagwira zolimba ndipo ndodo zimaima chiriri, osagwedera. Koma iri ndi lamulo lake limodzi: zunguzani kumanja kokha, monga mmene timatsekera botolo. Mukazunguza kumanzere, mfundo imodzi pansipo imamasuka, ndipo simudziwa kuti ndi iti. Vuto limabwera mutu ukakanirira. Mtima umati bwezani pang'ono kuti umasuke. Musabweze ai! Kwezani pang'ono uku mukuzunguzabe kumanja. Mazinga amadana ndi mchenga, ndipo pomasula pamafunika masipanala awiri akulu a mapaipi. Chenjeraninso ndi masoketi a mapaipi a madzi. Mazinga ao ndi ang'onoang'ono, ndipo podula mazingawo paipi imapyapyala. Ikalemedwa imathyokera pomwepo.

Mtundu wachitatu ndi mfundo yokolana. Nsonga ziwiri zimakolana ngati zala ziwiri zopinda, ndipo kapaipi kakafupi kamatsetsereka n'kuphimba pamene zakolanapo. Imeneyi ndi yachangu kwambiri, siifuna sipanala. Imapezeka pa zoboolera zopepuka zimene alangizi a zaulimi amayesera nthaka. Ndi yabwino pofufuza ngati madzi ali pafupi, koma pa dzenje lalikulu la chitsime ndi bwino kugwiritsa nchito phini kapena mazinga.

ZIMENE ZINATIGWERA

Gulu lathu la sukulu ya akulu liri ndi dimba limodzi la tonse. Chilimwe chapitachi chitsime cha m'dimbamo chinaphwa kabichi ndi matimati ziri pa nazale. Tinapita kwa anzathu a mudzi wa kutsidya, amene ali ndi choboolera cha mfundo za phini. Anatibwereka mutu umodzi wa dongo, umodzi wa mchenga, ndodo 10 za mita imodzi ndi theka, ndi maphini ake. Sitinawawerenge maphiniwo. Tinangoti zikomo, n'kusenza.

Masiku awiri oyamba nchito inayenda bwino. Tinadutsa dothi lakuda, tinadutsa katondo, tinalowa m'dongo loyera. Tsiku lachitatu m'mawa, phini mmodzi anagwera mu udzu. Tinafunafuna, osamupeza. Dzuwa linali kukwera, anthu anali kudikira. Mnyamata wina anathamangira kunyumba nabwera ndi msomali wa sikisi inchi.

Pamenepo panali agogo ena amene kale anali kusula makasu. Anautenga msomaliwo, nauyesa m'chiboo, napukusa mutu.

"Aphunzitsi, msomali uwu ndi wa denga. Taonani mmene ukugwederamu. Tumani mwana pa njinga akagule bauti ku Ulongwe."

Ife amene timatsogolera sukuluyi tinayankha kuti, "Agogo, ku Ulongwe n'kutali, tsiku lithera panjira. Lero lokha basi, mawa tidzagula."

"Chabwino, mwanawe. Koma paja nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka."

Tinaseka. Tinalowetsa msomali, n'kupinda nsonga yake ndi mwala. Tikunena poyera kuti kulakwa kunali kwathu, osati kwa mnyamata uja.

Madzulo ake, tiri pa ndodo yachisanu ndi chimodzi, mutu unatuluka ndi mchenga wonyowa. Amai analulutira. Madzi! Tinatsitsanso mwachangu, n'kuzunguza ndi mphamvu zonse. Koma mchenga wonyowa umagwira chitsulo monga matope a m'dambo amagwirira phazi. Pokweza, mutu unakana. Amuna anai anapisa mtengo pansi pa chogwirira, nati kumodzi, hii! Tinamva kuti thi, pansipo. Chogwirira chinapepuka. Zinatuluka ndodo 4 zokha. Ndodo 2 ndi mutu zinatsala pansi.

Panalibe wolankhula. Chida n'cha eni ake, ndipo kulipira mutu ndi ndodo ziwiri kukanatidyera matumba angapo a kachewere. Dzenje la masiku atatu linali lotsekeka. Mbeu pa nazale zinali kudikira madzi.

KUWEDZA M'DZENJE

Agogo aja sanatinyoze. Anangoti, "Vundikirani dzenjelo, pasagwere kanthu. Mawa dzuwa likafika pamutu mubwere ndi galasi loyang'anira nkhope."

M'mawa mwake masana tinalozetsa kuwala kwa dzuwa m'dzenje ndi galasilo. Tinaiona nsonga yaikazi ya ndodo, itatsamira khoma. Tinatsitsa chingwe chomanga kamwala, n'kuchiyesa: mamita 6. Zinagwirizana ndi masamu athu, chifukwa ndodo 4 za mita imodzi ndi theka ndi mamita 6.

Agogo anatenga chitsulo cha konkire chotalika ngati mkono. Anachiotcha pa makala, napinda nsonga imodzi mozungulira ngati mchira wa nkhumba. Nsonga inayo anaiphwanthaza, naboola chiboo, nailumikiza ku ndodo yathu yachinai ndi bauti wochotsa pa ngolo. Nzeru yake inali iyi: kabokosi ka nsonga yaikazi n'kakakulu kuposa ndodo. Mchira wa nkhumba ukazinga ndodo m'munsi mwa kabokosiko, pokweza umakola pa khosi pake.

Kunena n'kosavuta. Tinawedza tsiku lonse osakola. Tsiku lachiwiri tinakola kawiri, koma mbedza inapulumuka chifukwa tinakoka mothamanga. Agogo anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Tsiku lachitatu tinaimika mitengo itatu pamwamba pa dzenje, n'kumangapo chingwe. Titakola, sitinakoke ndi ukali ai. Tinathira madzi m'dzenje kuti mchenga ulekerere, tikumakweza pang'ono, kutsitsa pang'ono. Dzuwa litapendeka, mutu unazuka. Ndodo ziwiri zija zinatuluka, ndipo m'chiboo munali kachidutswa ka msomali kodukira mbali zonse ziwiri ngati kadulidwa ndi sizasi.

Chida chinapulumuka, koma tinalipira ndithu. Mchenga unagumukira pansi n'kukwirira mita yathunthu. Sabata inapita pachabe. Theka la matimati a pa nazale linauma, chifukwa amai sakanatha kutunga madzi a kunyumba ndi a ku dimba tsiku ndi tsiku kuchokera ku mtsinje. Mau a akulu akoma akagonera.

CHIFUKWA CHIYANI MSOMALI UNADUKA?

Pali zifukwa zitatu, ndipo tizimvetse bwino.

Choyamba, unali wochepa. Chiboo cha ndodo zija ndi cha mamilimita 10, pamene msomali wa sikisi inchi kunenepa kwake ndi pafupifupi mamilimita 6. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa ndi maso, koma mukadula zonse ziwiri n'kuyang'ana podukapo, chitsulo cha phini wa mamilimita 10 chimachuluka pafupifupi katatu.

Chachiwiri, unali kugwedera. Phini wokwana bwino amagwira phee. Wochepa amamenyedwa ndi milomo ya chiboo nthawi iriyonse tikakweza ndi kutsitsa. Milomo imeneyo imamudya pang'onopang'ono, ndipo nayonso imadyeka. Chiboo chozungulira chimasanduka chonga dzira.

Chachitatu, chitsulo cha msomali n'chofewa. Chinapangidwa kuti chilowe m'thabwa, ndipo mwana angathe kuchipinda ndi mwala. Mabauti nawonso sali ofanana. Yang'anani pa mutu wa bauti. Ambiri ali ndi manambala. Wolembedwa 8.8 ndi wolimba kawiri kuposa wolembedwa 4.6. Wopanda nambala musamukhulupirire pa nchito iyi.

Titadziwa zimenezi tinatuma anthu awiri ku Ulongwe. Mmodzi anali mai wina amene anayamba kuphunzira manambala chaka chathachi. M'sitolo anawapatsa mabauti osakaniza. Maiwo anawayala pa tebulo, namatembenuza mmodzi mmodzi, nati, "Achimwene, awa alibe nambala, bwezani. Ndifuna a eyiti ndi eyiti, a mamilimita khumi." Anabwera nao 15, ndi manati ake.

MALAMULO A PA DZENJE

Kuyambira tsiku limenelo gulu lathu linapangana malamulo awa. Alembeni m'makope mwanu.

1. Pobwereka chida, werengani zonse pamaso pa eni ake: mitu, ndodo, maphini, manati. Lembani. Pobweza werenganinso.

2. Maphini akhale ochuluka kuposa mfundo. Ndodo 10 ziri ndi mfundo 11, chifukwa pali ina ya pa chogwirira ndi ina ya pa mutu. Sungani maphini 15.

3. Msomali, waya wa mpanda, sipoko ya njinga ndi kamtengo si phini. Phini akasowa ndipo palibe wina, nchito iime.

4. M'mawa uliwonse yang'anani nsonga zonse. Onani pamene anaotcherera ngati pali mng'alu. Onani ziboo ngati zakula. Gubuduzani ndodo pa malo osalala kuti muone ngati yapindika. Ndodo yodwala ipite kwa mmisiri, isapite m'dzenje.

5. Phini wopindika kapena wodyeka pakati atayidwe. Musamuongole ndi hamala, chifukwa chitsulo chopindidwa kawiri chimafooka.

6. Khalani ndi mphanda. Mphanda ndi chitsulo chophwanthalala chong'ambika pakati, chimene chimagona pakamwa pa dzenje. Ndodo imalowa mong'ambikamo, ndipo khosi la nsonga yaikazi limakhala pamwamba pake. Musachotse phini mphanda isanagwire ndodo ya m'munsi. Manja a munthu si mphanda: ndodo yamatope imaterera.

7. Pomasula mfundo, yalani thumba kuzungulira ndodo pakamwa pa dzenje. Nati kapena sipanala ikagwera m'dzenje, mutu sungathenso kudya bwino.

8. Ndodo zomasula zigone pa mitengo iwiri, osati pa dothi. Musanalumikize, pukutani nsonga zonse ziwiri. Kabokosi koyang'ana kumwamba kamasunga mchenga, ndipo mchengawo umaletsa ziboo kuyang'anizana. Ngati ndi mazinga, atsukeni ndi burashi, apakeni girizi pang'ono, ndipo muyambe kumanga ndi manja musanagwire sipanala.

9. Ziboo zikakana kuyang'anizana, musapise chala ai. Ndodo ikatsetsereka, chala chimaduka ngati msomali uja. Gwiritsani nchito kachitsulo kosongoka.

10. Mutu ukakanirira, musaonjeze anthu. Mphamvu ya anthu asanu ndi mmodzi siithyola mwala, imathyola mfundo. Kwezani, onani chimene chavuta, sinthani mutu.

11. Musadzazitse mutu. Mutu wodzaza kwambiri umakanirira pokweza. Ndi bwino kukweza kasanu mopepuka kusiyana ndi kuwedza masiku atatu.

12. Madzulo tulutsani zonse. Chitsulo chogona m'dzenje chimakwiririka ndi dothi logumuka. Vundikirani dzenje ndi thabwa ndi mwala wolemera, chifukwa ana amakonda kuponyamo miyala.

MWINI MAPHINI

Lamulo lopanda mwini limagona m'kope. Choncho tinasankha munthu mmodzi kuti akhale mwini maphini. Tinasankha mai aja a ku Ulongwe. Iwo sagwira chogwirira. Amakhala pafupi ndi dzenje ndi chitini cha maphini, kope ndi pensulo. Phini aliyense amachoka m'manja mwao ndipo amabwerera m'manja mwao. Mfundo ikamangidwa amaiyang'ana, nati, "Yagwira, tsitsani." Asananene mau amenewo palibe wotsitsa, ngakhale aphunzitsi.

M'kope amalemba ndodo zimene zalowa, kuya kwake, ndi mtundu wa dothi limene latuluka. Mwachitsanzo: ndodo 2, mamita 3, katondo. Ndodo 6, mamita 9, mchenga wonyowa. Zimenezi zimathandiza pawiri. Kanthu kakatsala pansi, timadziwa pomwepo kuti kali pa mamita angati. Ndipo poika mapaipi timadziwa pamene pali mchenga wopereka madzi.

Amuna ena poyamba anang'ung'udza. "Nanga ife tizidikira mau a munthu amene wangokhala pansi?" Agogo aja anawayankha kuti, "Amene wakhala pansiyo ndiye ali ndi maso. Inu muli ndi thukuta m'maso."

TITAFIKA PA MADZI

Mchenga wonyowa suima wokha, umagumuka. Choncho titafikanso pa madzi tinatsitsa paipi yaikulu yotchinjiriza khoma. M'kati mwake tinagwiritsa nchito chotapira mchenga. Chimenechi ndi paipi yaifupi yokhala ndi kachitseko pansi. Ikatsika kachitseko kamatseguka, mchenga n'kulowa. Ikakwera kachitseko kamatseka. Mchenga ukamachoka, paipi yotchinjiriza imatsika pang'onopang'ono. Musaime pa madzi oyamba. Pitirirani mamita angapo, kuti chaka cha chilala chitsime chisadzaphwe. Ife tinaima pa mamita 12. N'chifukwa chakenso nthawi yabwino yoboola ndi kumapeto kwa chilimwe, madzi a pansi atatsika kwambiri.

Mfundo sizithera pa choboolera. Mapaipi apulasitiki amene amatsala m'chitsime nawonso amalumikizana, nsonga ina kulowa m'kamwa mwa inzake. Pukutani nsonga zonse ziwiri ziume, pakani guluu wa mapaipi, lowetsani mpaka pamapeto, ndipo dikirani agwire musanatsitse. Paipi ya pansi imakhala yochekacheka kuti madzi alowe, ndipo kunsi kwake kumatsekedwa. Kuzungulira pochekapo timathira timiyala tosefa ta ku mtsinje. Kumtunda timatseka ndi dongo ndi simenti kuti madzi oipa a pamwamba asatsikiremo. Ngati madziwo mudzamwanso, chitsime chitalikirane ndi chimbudzi ndi khola mamita 30 kapena kuposa, ndipo chisakhale kumunsi kwake.

Ngakhale mjigo umene uli pa sukulu kapena pa chipatala uli ndi mfundo. Mijigo yambiri ya m'midzi ya Mozambique ndi ya mtundu wa Afridev, umene chiyambi chake chinali ku Malawi kumayambiriro a zaka za m'ma 1980. Ndodo za m'kati mwake zimakolana ndi ngowe ndi diso, kuti anthu a m'mudzi azitha kuzitulutsa okha posintha malabala. Pamenepanso lamulo ndi lomwelo: gwirani ya m'munsi musanamasule ya pamwamba, ndipo werengani ndodo potulutsa ndi pobweza.

Lero dimba lathu liri ndi madzi pakati pake. Tinafesanso matimati, ndipo kabichi tinaokera mochedwa koma anagwira. Choboolera tinabweza kutsidya chiri chotsuka, nsonga zake zopaka girizi ndi zokulunga m'nsanza kuti zisachite dzimbiri. Tinawafotokozera eni ake zonse zimene zinachitika, osabisa, ndipo mabauti 15 aja tinawasiyira. Kachidutswa ka msomali kaja tinakasunga. Kali m'chitini cha choko, ndipo gulu latsopano likafika pa phunziro lino timakayendetsa m'manja mwa aliyense.

MAU OTI TIWERENGE NDI KULEMBA

mfundo, ndodo, mutu, chogwirira, phini, bauti, nati, mazinga, mphanda, chiboo, dzimbiri, chitsime

MAFUNSO OTI TIKAMBIRANE

1. Tchulani zigawo zitatu za choboolera.

2. Pa mfundo ya phini, ngodya zimagwira nchito yanji? Nanga phini?

3. Chifukwa chiyani sitizunguza kumanzere ngati ndodo ziri za mazinga?

4. Tchulani zifukwa zitatu zimene msomali unadukira.

5. Mphanda iri ndi nchito yanji?

6. M'gulu lanu, ndani angakhale mwini maphini? Chifukwa chiyani?

7. M'mudzi mwanu muli chida china cha gulu chimene chinaima chifukwa cha kachitsulo kakang'ono? Ngolo, pulawo, chigayo, mjigo? Mungachite chiyani sabata ino?

MASAMU

1. Ndodo imodzi ndi mita imodzi ndi theka. Ndodo 8 ndi mamita angati?

2. Mwalumikiza chogwirira, ndodo 8 ndi mutu. Pakufunika maphini angati?

3. Ndodo imodzi ikulemera makilo 4, ndipo mutu wodzaza dothi ukulemera makilo 12. Phini wa pa chogwirira akunyamula makilo angati ngati ndodo ziri 6?

4. Dzenje lafika mamita 12. Mfundo yamasuka, ndipo zatuluka ndodo 5. Nsonga ya ndodo yotsala iri pa mamita angati? Zatsala ndodo zingati?

5. M'mawa m'chitini munali maphini 15. Madzulo mwawerenga 13. Asowa angati? Kodi mawa nchito iyambe musanawapeze?